Nkhope ya Abiti Sufiyani Itatupa

Ukafika pamsika wa nsomba ku Liwonde n'kufunsa za Zuhura, anthu amayamba ayang'anizana. Koma ungonena kuti Abiti Sufiyani, aliyense akulozera pamene ankakhala, pafupi ndi poimira maminibasi a ku Zomba. Masiku ano pamalopo pali mayi wina wa tomato, koma anzake amangonenabe kuti pa Abiti.

Zuhura anabadwira m'mudzi wina wa m'mbali mwa njanji yopita ku Nayuchi. Bambo ake, Che Sufiyani, anamwalira iye asanayambe n'kuyankhula komwe, ndiye amene anathandiza kumulera anali amjomba ake, mlongo wawo wa mayi ake, Che Zubairu. Iwowa ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina ku Liwonde mpaka lero. Madiresi onse amene Zuhura anavala ali mwana anachokera pamakina awo, ambiri a zidutswa zotsala za anthu, mkono wina wofiira wina wamaluwa.

Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi kusenzera mayi ake dengu la nsomba, kenako dengulo linakhala lake. Anali wamtali, woonda, ndipo mawu ake ankawoloka msewu. Wogula akati milambayi yachepa, iye ankaloza ndi chibwano: "Shire ndi uyo, bambo, sanatseke. Kagwireni yaikulu." Anthu ankaseka n'kugula.

Mwamuna amene anamukwatira, Ajibu, anachokera ku Utale, m'boma la Balaka, n'kudzamanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mkamwini. Uyu ndiye anali wachete. Ukamupatsa moni ankayankha ndi mutu, mawu n'kumabwera pambuyo. Geni yake inali yokwera sitima kupita ku Nayuchi, kukapikula sopo, mafuta ophikira ndi zitenje zochokera ku Mozambiki, n'kudzagulitsa m'maokala a ku Liwonde. Sitima ikachedwa ankagona komweko. Anzake a Zuhura ankamufunsa kuti amacheza chiyani ndi munthu wotere. Iye ankati, "Timacheza bwino kwambiri. Ine ndimayankhula, iwo amavomera."

Anabereka Yasmin popanda vuto. Panapita zaka zambiri ndithu asanakhalenso ndi pakati, ndipo mimba ya Ilham ndi imene inamugwetsa. Magazi anathamanga, mapazi anatupa, tsiku lina anagwa pabwalo thupi lonse likugwedezeka. Ajibu anali ku Nayuchi. Amene anathamanga kukasaka galimoto, nsapato imodzi itatsala pakhonde, anali Che Zubairu. Mwana anamutulutsa pa opaleshoni ali moyo, koma impso za mayi wake sizinadzuke. Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo kumeneko anamuuza kuti kuyambira tsopano magazi ake azitsukidwa ndi makina, kawiri pa sabata, moyo wake wonse.

Makina amenewa amafuna njira yoti magazi atulukire ndi kubwereranso m'thupi. Poyamba anamulowetsa kachubu m'khosi, kudzanja lamanja. Patapita nthawi panachita mafinya, thupi linatentha, anakachotsa n'kuika kena kumanzere. Akonso sikanakhalitse. Kachitatu anakadutsitsa pansi pa khungu n'kutulukira pachifuwa. Khosi lake linadzaza zipsera ngati la munthu wotemedwa mphini. Amayi ena a m'chipinda cha makinacho ankadandaula kuti anthu amawayang'ana m'minibasi. Zuhura ankakoka mpango wake n'kunena kuti, "Ine Chisilamu chinandikonzeratu. Lowani, muzifunda."

Chimene ankadana nacho kwambiri n'choti kachubuko sikafuna madzi. Munthu wobadwira pafupi ndi mtsinje ankasamba ndi kansalu ngati khanda. Ndiye madokotala atamuuza kuti alumikiza mitsempha iwiri pamkono wake wamanzere, kuti ukhwime azibaya singano pamenepo n'kuchotsa kachubuko, sanafunse kawiri. Pamalo olumikizawo pankanjenjemera ngati foni ikulira m'thumba. Ilham, amene anali atayamba kuthamanga, ankaikapo khutu n'kumati m'mkono mwa amayi muli njuchi. Tsiku limene anachotsa kachubu ka pachifuwa balalo n'kupola, Zuhura anadzithira ndowa yathunthu kuyambira kumutu. Anabwereranso pamsika masiku opanda makina. Dengu ankamusenzera Yasmin, pakamwa ankagwiritsa ntchito yekha.

Kenako mkono uja unayamba kulemera. Chibangili chimene ankavula mosavuta chinakana kutuluka mpaka Ajibu anachidula ndi pulayala. Kutupako kunakwera kufika paphewa, pabere, m'khosi, n'kulowa kumaso. M'mawa ankadzuka maso atatsala timing'alu. Pachifuwa panatuluka mitsempha yobiriwira, yokhotakhota ngati mizu ya mbatata. Akamaswali, akangoika chipumi pamkeka, mutu unkadzaza ngati uphulika, ndipo podzuka ankagwira khoma.

M'mudzi mawu anayamba kuyenda. Anayambira pamjigo. Munthu akatupa nkhope ndi manja chonchi, kwathu kuno sachedwa kutchula dzina lake la matenda. Ayao amati ndaka, ena amati tsempho: mmodzi wa m'banja wakayenda kunja, n'kubwera ndi thupi lotentha kwa mnzake amene ndi wofooka. Ndipo ndani sankadziwa kuti Ajibu amagona ku Nayuchi? Wina anati anamuwona akumwa tiyi kwa mayi wina wa kumeneko. Wina anawonjezera kuti tiyiyo anali wamkaka, ndipo sanalipire. Pofika kwa mayi ake a Zuhura, mayi wa tiyi uja anali kale ndi mwana wofanana ndi Ajibu makutu.

Ku Blantyre anamujambula pachifuwa. Dokotala anabwera ndi nesi wina, dzina lake Thandizo, amene ankamubaya singano nthawi zambiri ndipo ankazolowerana. Nesiyo ndi amene anakhala pamphepete pa bedi n'kumufotokozera.

"Mayi, magazi onse a m'mikono ndi kumutu amabwerera kumtima kudzera m'mitsempha ikuluikulu ya m'chifuwamu. Machubu aja anadutsa momwemo. Akakhalitsa amasiya zipsera mkati, ndiye mtsempha umaning'a. Wakumanja watsekekeratu, wakumanzere watsala pang'ono. Tsono mkono tinalumikizawu ukutumiza magazi ambiri, akufika apa n'kusowa podutsa."

"Ngati pa baraji akatseka zipata," anatero Zuhura. "Madzi amabwerera m'minda mwa anthu."

"Eya, choncho. Minda yake ndi nkhope yanuyi."

"Ndiye tsegulani zipatazo."

Dokotala anafotokoza, nesi n'kumabwereza m'mawu osavuta. Anati pali njira yolowetsa kabaluni m'mtsempha n'kukafufumitsa kuti patakasuke, koma kawirikawiri pamaning'anso, ndipo kwa iyeyo malo otsekekawo anali aatali moti sankakhulupirira kuti kawaya kangadutse. Ena amatsukidwa ndi madzi olowetsa m'mimba, koma mimba yake inali ndi zipsera za opaleshoni ija ndi mafinya amene anabwera pambuyo pake. Yotsala inali yakumunsi. Amange mkonowo kuti uleke kutumiza magazi ambiri, n'kuika chubu pantchafu, chakumtunda kwenikweni, chifukwa mitsempha ya m'miyendo imafika kumtima podzera kwina. Zikayenda bwino, m'tsogolo angasokerere kapaipi pansi pa khungu la ntchafuyo kuti azibaya pamenepo.

Zuhura anayang'ana mkono wake nthawi yaitali.

"Ndiye kusamba kwatha kachiwiri?"

"Kwa tsopano, inde. Ndipo pamenepo pamafuna ukhondo woposa pakhosi. Kunyonyomala nthawi yaitali ayi, kupinda mwendo kwambiri ayi."

"Nanga ndiziswali bwanji?"

"Pampando. Alipo ena amatero."

"Amuna azindiwona?"

"Tizikufunditsani paliponse, pazingotsala pamene pali chubupo. Ndikakhalapo ine, ndizikugwirani ndine."

"Ndikakana?"

Thandizo sanazungulire. "Mkono uwu uleka kugwira ntchito pamakina, ndipo kutupaku kukhoza kufika pokubanikani. M'khosi mulibenso njira."

Zuhura anati akawauze kaye kunyumba. Koma kunyumba anapeza atamukonzera kale zina. Che Zubairu anali atapita kwa mkulu wina wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta n'kubwerako ndi mizu. Anatumiza mawu kuti Lachisanu, anthu akachoka ku mzikiti, banja likhale pansi.

M'mawa wa tsikulo Zuhura anapeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba akulongedza sopo m'katoni, n'kumutulutsanso, n'kumulongedzanso.

"Sopoyo wakulakwirani chiyani, bambo a Yasmin?"

Ajibu sanatukule mutu. "Ndaganiza kuti ndingovomera."

"Munachita?"

"Iyayi."

"Ndiye muvomera chiyani?"

"Phokosoli lithe. Inu mukudwala, simungamalimbane ndi matenda uku mukulimbana ndi abale. Komanso mankhwalawo, kaya, mwina angathandize."

Zuhura anakhala pa mtondo umene unali chafufumimba pamenepo. Kuyankhula kunkamutopetsa masiku amenewo, mawu ankatuluka okhuthala.

"Tamverani. Ngati munapitadi kwa mayi wa tiyiyo, nkhaniyo ndi ya ine ndi inu. Ndikuswani mutu ndekha, sindifuna wondithandiza. Koma mukakavomera bodza pamaso pa anthu, Yasmin azidzayenda m'mudzi muno ngati mwana wa munthu amene anafuna kupha mayi ake. Ndipo mukuganiza kuti mukavomera akusiyani? Akuthamangitsani ndithu, kungoti muchoka mutanyamula ndi mlandu womwe."

"Ndikakana andithamangitsanso."

"Ndiye kanani. Musachoke ndi zonse ziwiri."

Masana anasonkhana pakhonde la mayi ake a Zuhura. Panali mayi akewo, Che Zubairu ali ndi mkanjo wawo woyera wa ku mzikiti, ndi azimayi angapo a pabanjapo amene anakhala chapatali ngati akusankha nyemba. Pakati panali chikho cha madzi akuda a mizu, pambali pake kambale ka mchere. Mwambo wake ndi woti wolakwayo avomere pamaso pa akuluakulu, atape mchere ndi dzanja lake, athire m'mankhwalamo, amwetse amene anamudwalitsa.

Che Zubairu sanayambe ndi ukali. Anayang'ana Zuhura, maso awo n'kufiira.

"Abiti, ine ndinaika m'manda mkazi wanga woyamba nkhope ili chonchi. Tinachedwa. Ankati chipatala, chipatala, mpaka tinakamutenga pa machira. Iwe ndinakunyamula ndi manja angawa uli ngati botolo. Sindikufuna kusoka nsalu yako yomaliza." Kenako anatembenukira kwa Ajibu. "Che Ajibu, palibe akufuna kukudyani. Amuna timalakwa. Nenani mawu amodzi, tapani mcherewo, mwanayu achire."

Ajibu anayang'ana pansi. Dzanja lake linasuntha pang'ono kulowera kukambale kaja. Zuhura anaika dzanja lake lotupa lija pamwamba pake, lolemera ngati munsi, ndipo linakhala pomwepo.

"Amjomba, ine sindimwa."

"Sindikufunsa iwe."

"Koma pakamwa pake ndi panga. Kuchipatala anandiletsa mizu, anandiletsa mchere. Impso zanga sizitulutsa kanthu. Chimene ndamwa chimakhala momwemo mpaka tsiku la makina. Mukufuna ndimwe zonse ziwiri pakamodzi?"

"Achipatala akanakhala kuti akudziwa, bwenzi utatupa chonchi? Zaka zonsezi akuboola uku, akuboola uku, munthu ngati sefa."

"Kuboola komweko n'kumene kwanditupitsa. Anandiwonetsa. Mitsempha ya m'chifuwa yatsekeka chifukwa cha machubu aja. Sanabise."

"Ndiye avomera kuti akupha ndi iwo, iwe n'kumabwereranso komweko?"

"Machubu amenewo akanapanda kulowa, bwenzi Ilham akundidziwira pa chithunzi. Anandisunga, n'kundiwononga pang'ono. Pano apeza njira ina."

"Njira yanji?"

"Ya pantchafu."

Mayi ake anagwira pakamwa. Azimayi a nyemba aja analeka kusankha.

"Pantchafu pati?" anafunsa Che Zubairu motsitsa mawu.

"Pamwamba. Pomwe mukuganizapo."

"Astaghfirullah. Mkazi wa mwini, Msilamu, kukagona pabedi miyendo ili pamtunda anyamata a sukulu akudutsa, sabata ndi sabata?"

"Mwini wakeyo ndi uyu mwamukhazika apayu. Mufunseni."

Onse anayang'ana Ajibu. "Apite," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera, "Ndipo ine sindinachite kanthu. Tiyi ndinamwa, ndinalipira."

Mmodzi wa azimayi aja anaseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Kusekako n'kumene kunawakwiyitsa Che Zubairu. Anaimirira n'kukutumula mkanjo wawo.

"Che Ajibu, munabwera pano ndi chikwama chimodzi. Takusungani bwino, tinakupatsani malo, tinakupatsani munda. Ngati simungatape mchere kuti mwana wathu akhale moyo, pamudzi pano palibe malo anu. Mutenge zanu."

"Chabwino," anatero Zuhura. "Tichoka."

"Ndati iyeyu."

"Ndamva. Tichoka."

"Iwe kwanu ndi kuno. Manda a agogo ako ali apo, munda wako uli apo. Mkazi wa pamtundu pathu sanapiteko kukakhala kwa mwamuna ngati mbuzi yogula."

"Ndiyamba ndine."

"Ana ndi a pano. Ndi mbumba yanga."

"Ndi anu ndithu, amjomba, palibe akukana. Mukawafuna mudzawapeza ku Utale. Kapena mumutenge Ilham lero, mugone naye, muwone ngati mawa musoke."

Mayi ake anayamba kulira chamumtima. "Zuhura, ukudwala iwe. Kwa eni ake akakusamala ndani?"

"Amene wakhala akundisamala, amayi. Amene amandiperekeza ku Blantyre n'kukhala panja pa benchi tsiku lonse osadya. Amene amachapa nsalu zanga za magazi anthu asanadzuke kuti musamuseke. Mukumuchotsa yemweyo kuti ndichire?"

Zuhura anadzuka movutikira, atagwira mzati wa khonde, n'kudutsa pambali pa chikho chija osachikhudza. Sanachitaye, sanachikankhe. Ankadziwa kuti amjomba ake anapalasa njinga mtunda wautali kukachitenga.

Ananyamuka sabata yotsatira pa kagalimoto ka matola, mapoto, matilesi, makatoni a sopo ndi ana awiri pamwamba. Anthu anaima m'makomo kuwonerera. Zuhura anakhala kutsogolo, nkhope ili ngati mtanda wa mandasi, n'kumapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mpaka ena anachita manyazi n'kulowa m'nyumba. Che Zubairu sanatuluke. Anali atapita ku Liwonde m'mamawa.

Ku Utale sikunali kophweka. Ajibu kwawo analibe munda, chifukwa minda ndi ya alongo ake. Mlongo wake wamkulu, Lukiya, anawapatsa nyumba imene ankakhala malemu mayi awo, yodontha mbali imodzi, ndi kachigawo ka munda wa miyala kumapeto. Anawalandira bwino, koma Zuhura anawona mmene ankayang'anira nkhope yake, ndipo anadziwa kuti nkhani ya ndaka inafika iwo asanafike. Munthu amene kwawo ankalamula bwalo lonse anaphunzira kupempha ngakhale pokayanika zovala. Nsomba za kumeneko zinali zouma, zobwera pa njinga, ndipo ankazinunkhiza n'kupukusa mutu.

Opaleshoni anachita ku Blantyre. Atatsitsimuka anagwira pamkono paja, panali zii. Anakhala atagwirabe pamenepo nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu, chifukwa mkono umenewo ndi umene unamubwezera madzi osamba ndi msika. Pantchafu yakumanja panali chubu chatsopano chomatidwa ndi bandeji. Tsiku loyamba la makina anapeza Thandizo palibe, pali nesi wamwamuna, mnyamata wamng'ono. Zuhura anadzifunditsa chitenje mpaka kumaso n'kuyankhula ali mkatimo: "Achimwene, gwirani ntchito yanu. Pamenepo pangokhala chubu, zina zonse si zanu."

Kutupa kunatsika pang'onopang'ono. Maso anatseguka, khosi linabwerera, zala zinayambanso kupindika. Mitsempha ya pachifuwa ija sinachoke, ndipo akagona chagada nthawi yaitali nkhope imalemerabe. Amaswali atakhala pampando wapulasitiki, akuweramitsa mutu pang'ono. Poyamba ankachita manyazi nazo, ankatseka chitseko. Pano amaswali pakhonde. Pophika amakhala pampando womwewo mbaula ili patebulo, ndipo azimayi a ku Utale amati mkazi wa Che Ajibu amaphika ngati wa m'tauni. Kamodzi chubucho chinachita mafinya, anagona m'chipatala akunjenjemera, Ajibu ali pabenchi panja. Chinapola. Madokotala anamuuza mosabisa kuti ntchafu nayonso si ya muyaya, n'chifukwa chake akufuna adzamusokerere kapaipi kaja mitsempha ya kumeneko isanatope. Iye anati miyendo ali nayo iwiri, ayambe amaliza umodzi.

Chakumapeto kwa chilimwe mayi ake anabwera. Anatsika pa njinga ya kabaza atanyamula kathumba ka mpunga, n'kuima pabwalo akuyang'ana mwana wawo ngati akumuwona koyamba. Anamugwira masaya ndi manja onse awiri, anamugwira zala chimodzichimodzi.

"Alhamdulillah," anatero. "Nkhope ya bambo ako yabwerera."

Anakhala pamkeka, Zuhura pampando wake mwendo atatambasula. Ilham anakwera pamiyendo pa agogo ake n'kuyamba kufufuza m'thumba. Atacheza za maliro ndi maukwati a kumudzi, mayiwo anatsokomola.

"Amjomba ako akupereka moni. Anamva kuti kutupa kwatsika."

"Akuti chiyani?"

"Akuti n'zachidziwikire. Akuti Che Ajibu anachita manyazi kuvomera pagulu, ndiye anadzavomera kwawo kuno, abale awo n'kukupatsa mankhwala mwakachetechete."

Zuhura anaseka mpaka anagwira pabandeji. "Ndiye ndikanafa akanati chiyani?"

"Usatero. Munthu uja sakudya bwino chichokereni iwe. Wasokera Ilham kadiresi, ndi aka. Akuti mvula yayandikira, munda wako wamera thengo, nyumba ikugwa. Akuti zinatha, ubwerere."

Zuhura anatambasula kadiresiko. Kanali kosokedwa bwino, ka nsalu imodzi yathunthu, yatsopano, mabatani ake a buluu. Anakasisita pabondo. Kumunda wa miyala kuja kunkamveka khasu la Ajibu.

"Anati ndibwerere ndi ndani?"

"Iwe ndi ana."

"Bambo a Yasmin anawatchula?"

Mayi ake anayang'ana kumbali. "Ukudziwa mmene alili. Ukabwera iwe, mwamunayo adzangolowa pambuyo, palibe adzamufunse. Zizizirira zokha."

"Adzalowe ngati galu wakuba, pamudzi pamene anamanga nyumba ndi manja ake? Iyayi, amayi. Anamuchotsa pamaso pa anthu, masana. Akamufuna amuitane choncho."

"Munthu wamkulu ngati uja angabwere kudzagwada kwa mkamwini?"

"Sindinati agwade. Angobwera adzanene kuti Che Ajibu, tiyeni kwanu. Njira ya ku Utale akuidziwa, anabwera pa nthawi ya ukwati wathu. Kadiresika mukawauze kuti zikomo, Ilham avala pa Idi. Munda mubwereke wina alime chaka chino, usagone."

Mayi ake anagona masiku angapo, n'kubwerera ndi mawu amenewo. Zuhura anawaperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo. Pobwerera anadzera kwa Lukiya n'kupempha mbewu ya mtedza ndi nandolo.

Mvula yoyamba inagwa, fumbi la ku Utale linanunkhira. Zuhura anakhala pakhonde m'mawa wonse akuyang'ana njira yochokera kumsewu. Panadutsa ana a sukulu, ngolo ya ng'ombe, ndi munthu wogulitsa makala, koma amjomba ake ayi. Dzuwa litakwera anaitana Yasmin kuti anyamule mpando ndi mbewu, apite nazo kumunda kumene bambo ake anali atamaliza mizere.